Dokotala wa pa foni alibe manja

M'chaka cha 1817, James Parkinson wa ku London analemba za amuna 6 amene ankanjenjemera manja ndi kuyenda chowerama ngati akugwera kutsogolo. Atatu mwa iwo anangowaona mumsewu, ndipo mmodzi mwa atatuwo anangomuonera patali. Maso ake anagwira zambiri, koma kuuma kwa minofu sanakutchule. Amene anadzakutsindika patapita zaka zoposa 50 ndi Jean-Martin Charcot wa pachipatala cha Salpêtrière ku Paris, yemwe ankagwira odwala ndi manja ake, ndipo ndiyenso anatcha matendawa dzina la Parkinson.

Dokotala amene lero akupima wodwala kudzera pa vidiyo ali pamalo omwewo pamene panaima James Parkinson. Akuona, akumva, koma sangakhudze.

Muyeso umene madokotala a ubongo amagwiritsa ntchito kwambiri pa matendawa ndi MDS-UPDRS, umene unatuluka mu 2008. Gawo lake lachitatu, loona za kayendedwe ka thupi, lili ndi mipata 33 yolembamo malikisi. Mpata uliwonse umalandira 0 mpaka 4, ndipo zonse zikaphatikizidwa zimatha kufika 132. Zambiri mwa izi kamera imatha kuonetsa bwinobwino: nkhope yosasintha, mawu otsika, kugunditsa chala chamkombaphala ndi chachikulu mofulumira, kudzuka pampando manja atapingasa pachifuwa, kuyenda ndi kutembenuka. Koma pa kuuma kwa minofu dokotala amayenera kupinda ndi kuwongola yekha khosi, mikono iwiri ndi miyendo iwiri ya wodwala, kuti amve mmene zikukanira. Imeneyo ndi mipata 5. Wachisanu ndi chimodzi ndi wa kukhazikika poima: dokotala amaima kumbuyo kwa wodwala, n'kumukoka mapewa mwadzidzidzi, n'kuwerenga kuti wabwerera m'mbuyo mapazi angati asanakhazikike. Akayamba kugwa, amamuwakha.

Ndiye mipata 6 yatsala yopanda kanthu. Tilembepo chiyani?

Chiyeso choyamba ndi kulemba 0. Kusukulu mwana amene sanalembe mayeso akapatsidwa 0, walangidwa. Pa muyeso uwu zimatembenuka: 0 amatanthauza kuti palibe vuto. Wodwala amene khosi lake lauma gwa amaoneka papepala ngati wapeza bwino chifukwa chakuti palibe anamugwira. Dokotala wina wodzawerenga pepalalo akhoza kuganiza kuti mankhwala a levodopa akugwira ntchito mokwanira, n'kusiya mlingo wake momwemo.

Njira yachiwiri imaoneka yanzeru. Umatenga malikisi a mipata imene yadzazidwa, n'kupeza avereji, n'kuchulukitsa ndi 33. Tiyerekeze kuti mipata 27 yapereka 30. Masamu akuti zonse pamodzi ndi pafupifupi 37. Njirayi si yabodza ayi, koma ili ndi malire, ndipo amene anaika malirewo ndi eni muyesowo. Mu 2015 Christopher Goetz wa ku Rush University ku Chicago ndi anzake anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Movement Disorders. Anapeza kuti pa gawo lachitatu mungathe kusowa mipata 7 ngati ikusowa mwa apo ndi apo, uyu pano, uyo pena. Koma ngati mipata yomweyomweyo ikusowa kwa wodwala aliyense, malire ndi 3 basi. Pa vidiyo imasowa 6, ndipo ndi yomweyomweyo tsiku lililonse. Mliri wa Covid-19 utatsekereza odwala m'nyumba mu 2020, Goetz ndi anzake anakumbutsa madokotala za malire omwewa.

Chifukwa chake n'chomveka ngakhale kwa ife amene masamu anatikana kalekale. Matenda a Parkinson sagwira anthu mofanana. Wina amanjenjemera kwambiri koma minofu yake ndi yofewa ndithu. Wina sanjenjemera n'komwe koma wauma thupi lonse ndipo amagwa pafupipafupi. Avereji imaganiza kuti zimene sunaone zikufanana ndi zimene waona. Kwa woyambayo imamuwonjezera matenda amene alibe, kwa wachiwiriyo imamubisira omwe ali nawo. Ndipo wachiwiriyo ndi amene akhoza kuthyoka chiuno kubafa.

Musandimve ngati ndikunyoza kuonana ndi dokotala pa foni. Kafukufuku wa Connect.Parkinson ku America, amene anali ndi odwala 195 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anasonyeza kuti kuonana pa vidiyo n'kotheka, ndipo odwala anapulumuka maulendo aatali. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali ndi matendawa, pamene madokotala a ubongo ndi ochepa, makamaka kuno ku Africa. Gogo amene akuvutika kudzuka pampando, kumukweza minibasi tsiku lathunthu kuti akaonane ndi katswiri mphindi zochepa, nakonso n'kumuzunza.

Chimene ndikukana ndi nambala yodzionetsa ngati yathunthu pamene ili yoperewera. Mpata umene sunapimidwe ulembedwe kuti sunapimidwe. Malikisi a mipata 27 atchulidwe kuti ndi a mipata 27, amene mapeto ake ndi 108, ndipo aziyerekezedwa ndi anzake a pa vidiyo, osati ndi a tsiku limene wodwala anagwiridwa ndi manja kuchipatala. Funso lakuti "Mwagwapo kangati mwezi uno, agogo?" lifunsidwe nthawi zonse, ndipo mdzukulu wogwira foniyo ayankhe nawo, popeza akuluakulu ambiri amachita manyazi kuvomera kuti anagwa. Koma mdzukuluyo asauzidwe kukoka agogo mapewa. Amene sanaphunzire kuwakha munthu wakugwa asayese.

Kumene kuli namwino kapena dokotala wamng'ono wophunzitsidwa bwino, iye akhale pambali pa wodwala, apinde mikono ndi miyendo, akoke mapewa, katswiri akuonera pa kanema. Inu amene mukukonza zoti odwala azionana ndi akatswiri pa foni, musanagule makamera, yambani mwaphunzitsa munthu ameneyu.