Tawaphunzitsa unamwino, tiwalembe ntchito

Ndagwira unamwino ndi uzamba mpaka imvi mbuu, koma chimene chikundipweteka mtima masiku ano ndi kuona ana amene tinawaphunzitsa m'mawodi ndi manja athu akugulitsa kaunjika, ena atakhala pa kabenchi ka Airtel Money, layisensi ili m'chikwama.

Mwana ameneyu wachokera kutali. Wakhala zaka 3 pa koleji ya CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni kapena Mulanje Mission, mwinanso zaka 4 za digiri ku KUHeS kapena ku Mzuzu University. Wakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, poti popanda amenewo saloledwa kugwira wodwala. Kumudzi mbuzi zinatha kalekale ndi fizi. Ife tinkachoka pasukulu tikudziwa kale chipatala chimene atitumiza. Iye amangotchera khutu kuti ma intavyu alengezedwa liti. Tsikulo likafika, anthu amadzaza bwalo kuyambira mbandakucha, envulopu ya khaki m'manja, ena mwana ali kumbuyo, pomwe mipata ndi yowerengeka. Wamwayi amauzidwa kuti wakhoza koma adikire. Adikire mpaka liti, palibe amanena.

Sabata yomweyo pitani mu wodi ya amayi usiku. Mzamba mmodzi ali ndi mayi amene mutu wa mwana waonekera kale, pabedi lina mayi akutaya magazi, diripu ya wachitatu yatha, ndipo wodikirira odwala akugogoda pakhomo kuti mubwere msanga. Mzamba ameneyu wagwira usana, wapitirizanso naiti chifukwa womulandira palibe. Womulandirayo alipo ndithu, ali kunyumba kwa makolo ake.

Ndiye tapeza kanjira kochititsa manyazi. Timawauza anawa kuti abwere adzagwire mongodzipereka, kapena tiwaike pa lokamu. Lokamu inali yotsekera mpata wa tsiku limodzi wina akadwala, koma lero mawodi ena akuyendera yomweyo, ndalama yake n'kumabwera patapita miyezi. Wodziperekayo amasunga makiyi a kabati ya mankhwala, amabereketsa, amatha kudzibaya ndi jakisoni wa wodwala, koma mwezi ukatha alibe ngakhale ya minibasi. Ndimamva chifukwa chimene amavomerera. Dzanja likakhala chaka osaika kanyula limayamba kunjenjemera, ndipo olemba ntchito onse amafunsa kuti unagwirako kuti. Koma tisanamizane kuti tikumuthandiza mwanayo. Akuthandiza ife, mwaulere.

Yankho la boma timalidziwa: ndalama za malipiro zili ndi malire. Komatu dziko lino linasonyezapo kuti likafuna limatha. Mu 2004, anamwino ambiri atathawira ku Britain, boma linayamba ndondomeko yapadera yowonjezera ogwira ntchito zaumoyo mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund. Mu 2005 malipiro anakwezedwa ndi 52 peresenti, ndipo makoleji anayamba kutenga ophunzira ambiri. Anawa ndi zipatso za khama limenelo, kungoti tinakulitsa makalasi osakulitsa mipata ya ntchito. Mu 2020 Covid-19 itafika, anthu a zaumoyo analembedwa ntchito mwachangu chimene sitinkachiyembekezera. Kodi mayi womwalira pobereka sakutiopsa ngati mmene unatiopsera mliri uja?

Ma projekiti a mabungwe athandiza ambiri, sindikana, koma tinaona mu Januwale 2025 America itaimitsa thandizo lake kuti kontirakiti yotere imatha ndi kalata imodzi. Kunja nakonso si kophweka. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa mayiko amene akusowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo, choncho Britain salola kuti olemba ntchito ake abwere kudzakopa anamwino kuno. Ana anga, munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo ku London, gwirani thumba lanu. Ndipo mukaitanidwa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi kopanda magetsi, pitani. Kumeneko mudzaphunzira m'chaka chimodzi zimene m'tauni mukanaziona mochedwa. Mukavomera kudzipereka, pasakhale pakamwa pokha, a matroni akulembereni kalata yonena tsiku loyamba ndi ntchito imene mukugwira.

Kwa Unduna wa Zaumoyo ndi wa Zachuma pempho langa ndi ili. Aliyense wokhoza mayeso a khonsolo apatsidwe chaka chimodzi cholipidwa mu chipatala cha boma kapena cha CHAM, pansi pa namwino wamkulu, kuti asamafunsidwenso luso limene sanapatsidwe mpata wolipeza. Ndipo chaka chilichonse, makoleji asanatenge ophunzira atsopano, boma linene poyera kuti lilemba anamwino angati komanso m'maboma ati. Bungwe lathu la anamwino ndi azamba la NONM liike nkhani imeneyi patsogolo pokambirana za bajeti ikubwerayi.