Tchuthi chino tikupita ku Nyika

Aphunzitsi anzanga, kwa zaka zambiri ndakhala ndikulemba pa bolodi kuti Nyika ndiye paki yaikulu koposa m'Malawi muno, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Koma ineyo sindinapondeko. Mwana wanga atandifunsa ngati mbidzi ndinaionapo, ndinangoti kukamwa yasaa.

Ndiye tagwirizana ndi mayi akunyumba kuti tchuthi cha Ogasiti titenge ana wa ku Chelinda, kudzera ku Rumphi ndi pachipata cha Thazima. Ndalama tikusunga kubanki m'khonde. Majuzi tagula kale, poti kumeneko kumazizira zedi.

Ena akuti malo amenewa ndi a azungu, tingowononga ndalama. Ine ndikukana. Mphunzitsi wa Jogalafe wosayenda m'dziko lake amaphunzitsa zongomva. Nanunso ana anga akale, kaoneni nokha zomwe ndinkakulembetsani zija.