Ana Athu Aphunzire Bwato

Mwana wa ku Machinga kapena ku Balaka amakula madzi ali pakhomo. Mtsinje wa Shire, potuluka m'nyanja ya Malombe, umatsika pakati pa maboma aŵiriŵa nkudzera pa Liwonde, pamene pali chotchingira madzi chimene chidamangidwa m'chaka cha 1965. Kuvuma kuli nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Komabe mwana yemweyo amaloŵeza maina a mitsinje ya ku Ulaya, napambana mayeso, osadziŵa kagwiridwe ka nkhafi. Ichi ndi chilema m'maphunziro athu, ndipo mankhwala ake ali m'manja mwa ife aphunzitsi ndi inu amene mwatsiriza sukulu.

Madzi ndi moyo, koma alibe mbale. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lidapeza kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira, ndipo bungwe la United Nations lidapatula tsiku la 25 Julaye kuti maiko azikumbutsana za ngozi imeneyi. Kwathu kuno, m'mwezi wa Marichi 1923 ukadakhala kale kwambiri tikadaiŵala, koma ndi dzana lomweli, m'chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy adasandutsa midzi ya kumwera kukhala matamanda. Miyezi iŵiri itapita, mvuu idagubuduza bwato pa Shire ku Nsanje, anthu ambiri namira. Mvuu ndi namondwe sitingaziletse. Chimene tingathe ndicho kuphunzitsa mwana zoyenera kuchita bwato likagubuduzika.

Njira yake ilipo kale, ndiyo gulu la Masikauti. Robert Baden-Powell adaliyambitsa m'chaka cha 1907 pa chilumba cha Brownsea ku England, ndipo pasanapite zaka zambiri padabadwa nthambi ya Masikauti a pamadzi. Mkulu wake, Warington, adaŵalembera buku lao m'chaka cha 1912. Kuno ku Malaŵi gululi lidazilala m'nthaŵi ya Malawi Young Pioneers, lidadzuka ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, ndipo lidalandiridwa m'bungwe la Masikauti a dziko lonse m'chaka cha 2005. Tsono gulu lotere limaima pa akulu odzipereka, osayembekeza malipiro. Popanda iwo, ana ali ngati nkhuku zopanda make.

Kodi wodziperekayo aphunzitse chiyani? Choyamba kusambira ndi kuyandama. Chachiŵiri kupulumutsa mnzako pomponyera chingwe kapena kumpatsira nsungwi, osati kudziponya m'madzi, pakuti womira amakoka womthandiza nkumira onse aŵiri. Kenaka kumanga mfundo zosamasuka, kupalasa, kukweza katundu wosapyola muyeso, kuvala chovala choyandamitsa, ndi kuzindikira mwera usanakalipe. Ofika patali angaphunzire kuyendetsa bwato la thanga. Mwana amene waona mphepo ikukankha thanga sadzavutikanso kumvetsa phunziro la mphamvu m'kalasi ya sayansi.

Wina adzati, "Ine mphunzitsi bwato sindilidziŵa." Safunsa adadya phula. Akatswiri alipo: asodzi a ku Mposa ndi madoko ena, amene akhala pamadzi moyo wao wonse. Nzeru zao sizidalembedwe m'buku, ndipo akamwalira zimapita nao. Ntchito ya wophunzira ndi kusonkhanitsa ana, kusunga mwambo ndi kulemba zimene mkuluyo akunena. Digiri isatichititse manyazi kukhala pansi pamaso pa msodzi.

Makolo ali ndi mantha aŵiri, ndipo onse ndi omveka. Oyamba ndi a ng'ona, mvuu ndi likodzo. Koma ana amapita kale kumtsinje kukatunga, kukachapa ndi kukaŵedza, popanda woŵayang'anira. Nkwabwino apite ndi akulu aŵiri, masana, pamalo amene eni dera ndi azaumoyo avomereza. Mantha achiŵiri ndi akuti mwana akalaŵa ndalama za matemba adzathaŵa sukulu. Apa mtsogoleri aike lamulo: wojomba m'kalasi asakwere bwato. Aŵakumbutsenso kuti nyanja ya Chilwa idaphwa m'chaka cha 1968, idaphwanso mu 1995 ndi mu 2018, ndipo odalira usodzi wokha adagwira njakata. Luso la pamadzi lophatikiza ndi maphunziro ndilo lingamfikitse mwana ku sukulu ya za usodzi ku Mpwepwe, ku sukulu ya oyendetsa sitima ku Monkey Bay, kapena pa ntchito yoyendetsa alendo m'nkhalango ya Liwonde.

Inu amene mwalemba mayeso a Fomu 4 ndipo mukudikira ntchito, musataye masiku pa bawo. Kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu, makolo ndi amfumu, mulembetse ku bungwe la Masikauti kuti muphunzitsidwe utsogoleri, ndipo muyambe ndi ana oŵerengeka, atsikana ndi anyamata omwe. Loŵeruka limodzi pa mwezi, chingwe chimodzi ndi bwato lobwereka nzokwanira poyambira. M'mera mpoyamba. Mvula idzagwanso, Shire adzadzazanso, ndipo tsiku limenelo mudzi udzafuna mwana wodziŵa kuponya chingwe.