Kodi Mfuti Ikhale Mphoto ya Maere?

Mwezi wathawu ndinalandira kalata yochokera kwa mlembi wa komiti ya makolo pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi dooko la Kachulu, kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa. Dzina lake ndalisunga monga anapempha. Iye akuti chipinda chimodzi chophunziriramo chidakali chopanda denga chisasukire malata ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, pakuti ngakhale ana a sitandade 1 akukumbukira usiku umenewo. Komiti inapangana zochititsa maere: kugulitsa matikiti pa K1,000 iliyonse, ndipo pa tsiku loikika mwana adzapise dzanja m'thumba ndi kutola nambala ya wopambana. Mnyamata wina wa m'mudzimo amene amagwira ntchito ku Johannesburg analonjeza ndalama yogulira mphoto yoyamba. Apa mpamene amuna angapo a m'komitimo anati mphotoyo ikhale mfuti yosakira mbalame. Amayi aŵiri anakana, msonkhano unatha mosagwirizana, ndipo mlembiyo akundifunsa kuti, "Kodi pamenepa pali cholakwa?"

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti amunawo sanalote. Matikiti a mfuti angathedi msanga kunyanja kuja. Munthu wa ku Blantyre akamva za Chilwa amaganiza za matemba ndi milamba basi, koma wobadwira m'mbali mwa Likangala kapena Domasi amadziŵa kuti nyanjayi ili ndi nkhokwe yachiŵiri, ndiyo mbalame za m'mabango. Chilwa ndi nyanja yosaya ndiponso yopanda mtsinje wotuluka; inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anakhala pa matope ouma. Nsomba zikasoŵa chotere, mabanja amatembenukira kwa atsekwe, abakha a m'madzi ndi timbalame tina, kuti apeze ndiwo ndi ndalama ya sopo. Wotchera misampha amagwira mbalame imodziimodzi, pamene wamfuti amagwetsa zingapo pa kuombera kamodzi. Ndani sangataye K1,000 poyesa mwayi wotere?

Koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Vuto loyamba lili m'maere momwemo. Ubwino wonse wa maere ngwakuti alibe maso: thumba silidziŵa mwana wa mfumu kapena mwana wamasiye, ndipo n'chifukwa chake anthu amakhulupirira kuti palibe kukondera. Njinga ikagwera aliyense, palibe amene agone ndi mantha. Koma mfuti ndi chinthu chofuna maso. Tikiti angaigule mlenje wodekha wa zaka makumi asanu. Angaigulenso mnyamata wa zaka 16 amene wagulitsa matemba ake, kapena bambo amene mudzi wonse ukudziŵa kuti akamwa kachasu mkazi wake amakagona kwa anansi, kapena munthu amene ali pa mkangano wa malire a dimba la mpunga ndi mphwake. Komiti singamukanize tikiti aliyense wa iwo, pakuti ndalama yake ikufunika, ndipo nambala yake ikatuluka singamumanenso mphoto popanda kutchedwa komiti ya akuba. Tsono anthu amene sangayerekeze kubwereketsa chikwanje kwa munthu woledzera akhala atadzimangirira kumpatsa mfuti pamaso pa khamu, ana a sukulu akuomba m'manja.

Lamulo la dziko lathu limayenda njira yosiyana ndi ya thumba lija. Malinga ndi lamulo la mfuti la 1967, munthu sakhala ndi mfuti popanda chiphaso, ndipo nkhani za ziphasozi zili m'manja mwa apolisi, amene amayamba aona kuti wopemphayo ndi munthu wotani ndi chimene akuifunira mfutiyo. Ndifunse tsono abambo a m'komiti: mfutiyo ikagulidwa, idzalembedwa m'dzina la yani podikira tsiku la maere? Idzagona kuti, m'kabati ya aphunzitsi aakulu pamodzi ndi choko? Nanga wopambana akakanizidwa chiphaso, mudzampatsa chiyani? Ndikuopa kuti mfuti yotereyi idzangosinthana manja mwakachetechete, ndipo makolo amene anafuna kufolera chipinda adzapezeka akuyankha mlandu ku polisi ya ku Zomba.

Palinso nyanja yomwe. Mu 1997 Chilwa inakhala malo oyamba m'Malaŵi kuloŵa m'pangano la maiko lotchedwa Ramsar, loteteza madambo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame zake, zina mwa izo zochokera kutali kumpoto kwa dziko lapansi. Akatswiri amene anaŵerenga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa pa chaka. Pambuyo pake alenje eni ake anakhazikitsa magulu ao, napangana za nyengo yoleka kusaka pamene mbalame zikuswana, ndi za malo ena osaloledwa kusakamo. Mapangano otere amalimba chifukwa alenje amadziŵana maina ndi nkhope. Mfuti yogwa ndi maere imabweretsa m'mabangomo munthu amene sanakhalepo pa bwalo pamene zimenezi zinkakambidwa, ndipo oyamba kulira adzakhala amphaŵi otchera misampha, amene ana ao amaphunzira pa sukulu yomweyo.

Mwina wina anena kuti kunja zimachitika. Nzoona. Ku America magulu ozimitsa moto a m'midzi, magulu a zamaseŵera, ngakhale matchalitchi ena, amachititsa maere a mfuti kaŵirikaŵiri, ndipo nthaŵi zambiri wopambana amakatengera mfutiyo kwa wogulitsa wovomerezeka atafufuzidwa kaye mbiri yake. Komabe ngakhale kumeneko nkhaniyi imagaŵanitsa anthu. Mu Febuluwale 2018, masiku oŵerengeka chabe anthu 17 ataphedwa ndi mfuti pa sukulu ya ku Parkland m'chigawo cha Florida, zinamveka kuti ana aang'ono a timu ya mpira wa baseball ku Neosho, m'chigawo cha Missouri, akugulitsa matikiti a maere a mfuti ya mtundu womwewo wa AR-15. Dziko lonselo linakangana. Ine sindikuona chifukwa chotengera mwambo umene eni ake akulimbana nawo.

Tili ndi chitsanzo chapafupi, kungooloka nyanja. Gombe la kum'maŵa kwa Chilwa limakhudza Mozambique, ndipo akuluakulu a ku Chisi ndi ku Kachulu akukumbukira zaka za nkhondo ya kumeneko, imene inatha mu 1992, ndi momwe mfuti zotsala pa nkhondoyo zinaloŵera kuno n'kuyamba kumveka usiku m'magolosale ndi m'misewu. Ifenso mu Disembala 1993 tinaona asilikali akulanda zida za a Payoniya pa ntchito ija inatchedwa Bwezani. Kutulutsa mfuti pakati pa anthu ndi ntchito yoŵaŵa ndiponso yotenga zaka. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayamba kuitana anthu kuti abweretse mfuti zimene anabisa m'tchire ndi m'madenga. Wobweretsa mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena zipangizo zomangira nyumba. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo anaumba nazo zinthu zoonetsa. Mtengo wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zimenezo unakaikidwa ku British Museum ku London mu 2005. Ndikaŵerenga kalata ya ku Kachulu ndimaona ngati malonda omwewo aŵatembenuza chadodolido: anzathu ankapereka njinga kuti mfuti ichoke m'mudzi, ife tikufuna kusiya njinga kuti mfuti iloŵe.

Kwa inu anyamata amene mukuŵerenga, ndikudziŵa kuti ena mwa inu mukuti mkuluyu ndi wamantha. Sindidana ndi alenje. Malume anga anali mlenje, ndipo nyama ya tsekwe ndinaidya ndili mwana. Koma ndikukumbukira kuti mfuti yao inkakhala pamwamba pa mtanda wa denga, zipolopolo m'chitini chokhoma kwina, ndipo mwana wongoloza chala komweko ankalandira chibakera cha m'mutu. Iwo anaphunzira kwa atate ao zaka zambiri asanaloledwe kuombera okha. Tikiti ya K1,000 siphunzitsa zimenezo.

Za maere enieniwo, ngati ndi njuga kapena ayi, akulu a mpingo amasiyana maganizo, ndipo nkhaniyo ndi ya mwezi wina. Lero ndikungoyankha zimene ndafunsidwa. Amayi aŵiri aja anaona bwino, ndipo komiti iŵaitanenso. Njinga ya kapalasa imanyamula mtanga wa matemba kuchokera ku Kachulu kukafika ku msika wa Zomba, imanyamulanso wodwala kupita naye kuchipatala. Makina osokera adzakopa amayi kugula matikiti, ndipo amayi ndiwo ambiri pa misonkhano ya sukulu. Thumba la feteleza kapena mbuzi yaikazi zikhoza kukhala mphoto yachiŵiri ndi yachitatu. Mwina ndalama idzabwera mochedwerapo, sindikana.

Mlembi uja ndamuyankha kale pa kalata yapadera, ndipo ndamupempha chinthu chimodzi choonjezera: alembere mnyamata wa ku Johannesburg, amuuze mtengo wa mfuti ndi chiphaso chake, amuuzenso mtengo wa lata limodzi, kenaka amfunse ngati sangakonde kuti ndalama yakeyo ipite pa denga mwachindunji. Mvula yoyamba kunyanja kuja imagwa mu Novembala, ndipo ana a chipinda chija akuphunzirabe pansi pa mtengo wa mango.