Si zoona kuti ku Britain kunalibe sitalaka nthawi ya nkhondo

Dziko likalowa m'mavuto, anthu apantchito n'kuyamba kudandaula za malipiro, sipalephera kutuluka mawu awa: taonani anzathu a ku Britain, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anamanga malamba, mabungwe awo anatseka pakamwa, panalibe wonyanyala ntchito, n'chifukwa chake anagonjetsa Hitler. Mawuwa afala moti ambiri amangowameza osatafuna. Ife tikuwakana, chifukwa zimene zinachitika si zimenezo.

Pali pamene onenawo akulondola. Mu July 1940 boma la Winston Churchill linakhazikitsa lamulo lotchedwa Order 1305, loletsa sitalaka komanso loletsa mabwana kutsekera antchito kunja. Mikangano yokanika inkayenera kupita ku bwalo lapadera. Koma kuletsa chinthu papepala sikutanthauza kuti chatha.

Tiyeni ku mgodi wa malasha wa Betteshanger, ku Kent, pafupi ndi Dover, kumene ndege za Germany zinkadutsa pamutu. Mu January 1942 anthu a mumgodimo anapatsidwa malo ovuta kukumba. Malasha atayamba kutuluka ochepa, mabwana anati anthuwo akuchita dala ulesi, n'kuwadula malipiro. Mgodi wonse unaima. Boma linasumira anthu oposa 1,000 ku khothi la ku Canterbury, ndipo tsiku la mlandu anabwera ndi akazi awo, ana awo, mabandi akuimba ngati kuli chikondwerero. Atsogoleri atatu a nthambi ya bungwe lawo anawalamula kukakhala kundende, ena onse chindapusa: ambiri paundi imodzi, owerengeka mapaundi atatu.

Ndiye zinatha bwanji? Malasha sanatuluke. Anthu amene akanasaina mgwirizano wothetsa sitalakayo anali omwe aja otsekeredwa, choncho akuluakulu anawatsatira kundende komweko kukakambirana. Antchito anapeza pafupifupi zonse zimene ankafuna, atsogoleri aja anatuluka patangotha masiku 11, ndipo pa chikhamu chonsecho amene analipira chindapusa anali 9 okha. Boma linangosiya, poti ndende yosunga anthu 1,000 inalibe, komanso munthu ali m'chitolokosi sakumba malasha.

Betteshanger sinali yokha. Mu 1943 amayi opanga mainjini a ndege pa fakitale ya Rolls-Royce ku Hillington, pafupi ndi Glasgow, ananyanyala chifukwa ankalandira zochepa kuposa amuna pa ntchito yofanana. Mu 1944, chaka chimene asilikali anaolokera ku Normandy, kunachitika masitalaka oposa 2,000, ndipo masiku ogwira ntchito oposa 3.5 miliyoni anatayika, ambiri mwa iwo m'migodi. Ambiri mwa masitalakawa anali a masiku ochepa, ndipo akuluakulu a mabungwe sankawavomereza, koma anachitika.

Anthuwa sanali oukira dziko. Ana awo anali kunkhondo, nyumba zawo zinkaphulitsidwa. Kungoti sanaiwale. Nkhondo yoyamba itatha, mu 1919, boma la Lloyd George linapatsa anthu a m'migodi chiyembekezo chakuti migodi isintha, kenako n'kubwerera m'mbuyo. Mu 1926 anakhala miyezi pafupifupi 7 osagwira ntchito, n'kubwerera ndi njala, malipiro atatsitsidwa. Munthu amene waona zotere amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chimene ofalitsa nkhaniyi amabisa kwambiri n'chakuti mtendere umene unalipo m'mafakitale unachita kugulidwa. Mu May 1940 Churchill, yemwe anali mdani wa mabungwewa mu 1926, anapereka unduna wa zantchito kwa Ernest Bevin, mkulu wa Transport and General Workers' Union, munthu amene anasiya sukulu ali ndi zaka 11. Lamulo la Bevin la mu 1941, Essential Work Order, linaletsa wantchito kuchoka pa ntchito yofunika, inde, koma linaletsanso bwana kumuchotsa mwachisawawa, ndipo linamutsimikizira malipiro a pamlungu. M'mafakitale munabadwa makomiti amene antchito ndi mabwana ankakhalira limodzi kukambirana za kapangidwe ka zida. Mamembala a mabungwe anachoka pa 6 miliyoni n'kufika pafupifupi 8 miliyoni nkhondo isanathe. Bungwe lalikulu la mainjiniya, limene kwa zaka zambiri linkakana amayi, linawatsegulira chitseko mu 1943. Kodi amenewa ndi mabungwe otseka pakamwa?

Ngongoleyo inabwezedwa nkhondo itatha. Chipani cha Labour chinapambana mu July 1945. Mu 1946 chinafafaniza lamulo la 1927 lomwe linkapana mabungwe, pa 1 January 1947 migodi ya malasha inakhala ya boma, ndipo mu 1948 chipatala chaulere chinafika kwa aliyense.

Order 1305 yokha inakakamira, ngakhale mfuti zinali zitazizira kale. Mu 1951 boma lomwelo la Labour linatengera ku khothi la Old Bailey antchito 7 a pamadoko chifukwa cha sitalaka. Anzawo masauzande anasiya ntchito powaikira kumbuyo, mlandu unagwa, onse 7 anapita kwawo, ndipo mu August chaka chomwecho lamulolo linachotsedwa.