Chogwirira Chosawomba

Kwa zaka zambiri, munthu wa ku Canada kapena ku Australia wochita masewero owomba chandamale akafuna chogwirira chatsopano cha mfuti yake ya m'manja, cha labala cha kampani ya ku America ya Hogue kapena Pachmayr, ankakumana ndi chipupa chotchedwa ITAR. Malamulo a ku America amenewa, omwe amayendetsedwa ndi unduna woona za ubale ndi mayiko ena, ankaika kachidutswa ka labala m'gulu limodzi ndi zida zankhondo. Tizipangizo tosapyola madola 100 tinkatha kudutsa popanda chilolezo, koma ogulitsa ambiri ankangokaniratu poopa milandu, pakuti walumidwa ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe. Mu Marichi 2020 boma la America linasamutsira mfuti wamba zambiri ku unduna wa zamalonda, ndipo malamulo a zogwirira zopanda kachitsulo kowombera anafewetsedwa. Ine ndikuti linachita bwino, ngakhale linachedwa. Chogwirira sichiwomba, chimangothandiza kuti mfuti isaterereke m'dzanja lotuluka thukuta, ndipo mfuti yoterereka ndiyo imavulaza woima pambali. Komatu pa mpope ndi thunthu la mfuti sindinyengerera m'pang'ono pomwe. Zimenezi ndizo achifwamba amatumizirana pang'onopang'ono m'maphukusi n'kukalumikiza kutsidya, n'chifukwa chake pangano la United Nations la malonda a zida, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2014, limatchulanso zipangizo za mfuti. Chimandiwawa n'chakuti nthawi imene wogwira ntchito pachipata cha dziko amataya pounika labala akanaigwiritsa ntchito kutsegula phukusi lomwe mwabisidwa mpope.