MPHUNZITSI WA KOMPYUTA ACHOKERE KWATHU KONKUNO



Pa msonkhano wa makolo ku sukulu yathu ya sekondale mwezi wathawu, mlendo wina wovala bwino anaimirira nanena kuti ana a kumudzi alibe nayo ntchito kompyuta, kuti ife tiziganiza za khasu ndi feteleza, za makina tisiyire ana a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ena mwa ife anaomba m'manja. Tikulemba lero kukana mau amenewo, ndi kukananso kuomba m'manja komweko.

Mau otere si achilendo m'dziko muno. Kufikira 1940 munalibe sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. Chaka chimenecho inatsegulidwa ya ku Blantyre, ya ku Zomba inatsatira mu 1942, ya Boma ku Dedza mu 1951. Zaka zonsezo kunali anthu odziyesa anzeru amene ankati Mwafirika akadziwa kulemba dzina lake, basi zamukwanira. Makolo athu anakana. Kodi ife, adzukulu ao, tivomere lero chifukwa wonenayo ndi wakhungu lathu lomwe?

Ndani akuti kompyuta siinafike kumudzi? Mu 2017 tonse tinaima pa mzere kujambulitsa chiphaso cha unzika, ndipo maina athu analowa m'makina. Mu 2020, pogula feteleza wotsika mtengo wa AIP, chiphaso chomwecho ankachiwerenga ndi foni, ndipo ambiri tinagona pa depoti kalaliki atangoti netiweki palibe. Anali kunena zoona kapena ai, ndani wa ife akadatha kumtsutsa? Ndarama zochokera kwa ana athu ku Joni zimadzera pa foni. Makinawa anafika kale, abale, ndipo akutilamulira. Chimene sichinafike ndi munthu woti aphunzitse ana athu kuwalamulira iwo.

Munthu ameneyo sagwa kuchokera kumwamba. Njira yake ndi iyi. Mwana akhoze mayeso a Fomu 4, a MSCE, ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chiri momwemo, ndipo masamu akhale olimba, pakuti masamu ndiwo chitseko cha maphunzirowa. Akasankhidwa amakakhala zaka 4 pa yunivesite. Kumeneko amaphunzira zinthu ziwiri pamodzi: za makina enieniwo, monga kulemba mapulogalamu, kulumikiza makompyuta ndi kusunga bwino nkhani m'menemo, ndiponso za uphunzitsi, kakonzedwe ka phunziro, kamvedwe ka ana ndi kalembedwe ka mayeso. Asanalandire digiri amatumizidwa ku sukulu ina kukayesera kuphunzitsa, aphunzitsi ake akumuyang'anira. Malo osulira aphunzitsi a sekondale alipo: Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ya Mzuzu imene inatsegula zitseko mu 1999, koleji ya Domasi ya 1993, ndi ya Nalikule ya 2017.

Nanga bwanji sitinamuone mphunzitsi wotereyu kuno?

Taonani mmene msampha wake unatcherera. Ana athu ambiri amapita ku sukulu zoyendera za CDSS, zimene Boma linazipanga mu 1998 kuchokera ku ma MCDE akale. Phunziro la kompyuta liripo pa ndandanda wa MSCE, koma ndi losankha, ndipo sukulu yopanda magetsi siingalisankhe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, koma makomo a kumudzi okhala ndi magetsi sanafike ngakhale 5 pa 100. Tsono mwana amatsiriza Fomu 4 asanakhudzepo kompyuta. Polemba maphunziro amene akuwafuna ku yunivesite, angatchule bwanji chinthu chimene sanachionepo? Malo aja amatengedwa ndi ana a m'tauni. Iwowo akatsiriza, mabanki ndi makampani a mafoni amawaitana ndi malipiro oposa a mphunzitsi, ndipo amene watsala m'kalasi akamva zoti atumizidwa kuno, kopanda nyumba, kopanda getsi, amayamba kuyenda m'maofesi kupempha kuti amusinthe. Pamapeto pake akuluakulu amati sangatipatse makompyuta chifukwa tiribe mphunzitsi, nabwereranso kunena kuti sangatipatse mphunzitsi chifukwa tiribe makompyuta. Atizunguza chotere zaka zambiri, ngati ng'ombe ya pa chikhomo.

Mwana wa m'tauniyo sitikumuda ai. Nafenso tikadakhala iye tikadachita chimodzimodzi. Chimene tikunena nchakuti munthu wokhazikika kuno ndi amene mchombo wake unakwiriridwa kuno, amene ali ndi munda ndi manda a makolo ake kuno.

Wina asatiuze kuti mitu ya kumudzi ndi yolimba. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, koma anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atangoona zithunzi m'buku la ku laibulale, ndi zitsulo zotola kudzala. Mu 2014 analandira digiri ku Dartmouth, ku America. Uyo tinamumva chifukwa alendo anamupeza. Nanga amene sanapezedwe ndi angati m'midzi yathu ino?

Mlandu wina ndi wathu, tisabise. Nyumba ya mphunzitsi imene tinaumbira njerwa zaka zapitazo iri chiimire yopanda denga. Atsikana odziwa masamu timawatulutsa m'Fomu 2 kuti akakwatiwe, kenaka nkumadandaula kuti aphunzitsi aakazi kulibe. Ndipo mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite timavina tsiku limodzi, mawa lake nkumusiya yekha. Bungwe la Boma lopereka ngongole kwa ophunzira lakhalapo kuyambira 2015, koma ngongoleyo siigwera aliyense, ndipo wophunzira za kompyuta wopanda laputopu yakeyake ali ngati mmisiri wa matabwa wobwereka sowo.

Chifukwa chake komiti ya nthambi yagwirizana izi. Tipita kwa a hedimasitala kukapempha maina a ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene akuchita bwino masamu, anyamata ndi atsikana, kuti tiwadziwe ndi kulankhula ndi makolo ao. Pokolola, khomo lirilonse la membala lipereke ndowa imodzi ya chimanga, tigulitse, ndaramazo zisungidwe ndi anthu atatu osankhidwa poyera, zikhale za laputopu ndi ulendo wa mwana woyamba amene adzasankhidwe kukaphunzira uphunzitsi umenewu. Mwanayo ndi makolo ake adzalonjeza pamaso pa a mfumu kuti akatsiriza adzapempha kudzaphunzitsa kuno. Kwa a khansala ndi a phungu athu tikafunsa funso limodzi lokha: pa ndarama za chitukuko za dera lino, ndi zingati zimene zaikidwa pa magetsi a dzuwa ndi chipinda cha makompyuta pa sukulu yathu? Yankho tikulifuna lolembedwa, ndipo tidzaliwerenga mokweza pa msonkhano.

Loweruka likudzali tikumana pa nyumba ya mphunzitsi ija dzuwa lisanakwere. Amene ali ndi mitengo ya denga abwere nayo, amisiri abwere ndi nyundo zao. Amene anaomba m'manja tsiku lija abwerenso, malo alipo.